Lamulo Loti Nkhanu Asakhudzidwe

Padangokhala. Vomerani, abale, kuti tili limodzi, ndingamayankhule ndekha ngati wamisala wa pamsika. Padangokhala dziwe lina la mumtsinje, ndipo m'dziwemo munkakhala mayi wamasiye dzina lake Nkhanu. Ana anabereka ambiri mayiyu, koma chilimwe china anayamba kumuthera mmodzimmodzi. Mwana ankadzuka bwinobwino n'kumasewera, dzuwa likafika pamutu wayamba kudzandira, pakamwa thovu, basi wapita. Anatsala mmodzi yekha, kamtsikana, ndipo mayi ake anamusintha dzina n'kumutcha Tiferanji.

Maliro sanali kwa Nkhanu kokha. Nsomba zinkayandama mimba kumwamba, khomo ndi khomo kunali kulira. Kapitawo wa dziwelo, a Ng'ona, ankati umenewo ndi mliri wa chilimwe, utha wokha mvula ikagwa. Wolengeza mawu amenewa anali mthenga wawo, Katumbu. Koma Katumbu ameneyu, ine ndikangomutchula m'kamwa mumandiwawa. Ndevu zosalala, moni wogwada, pamaliro aliwonse ndiye woyamba kufika ndi kulira mokweza kuposa anamfedwa.

Tsiku lina masana Nkhanu anakwera kumtunda kwa dziwe kukafuna chakudya cha mwana. Anangomva thi! thi! thi! kuseri kwa mwala. Posuzumira anaona Katumbu akusinja katupe, mankhwala aja asodzi aulesi amathira m'madzi kuti nsomba ziledzere ziyandame. Chakumunsi kwake a Ng'ona anali gone, kukamwa yasa, kudikira kuti nsomba zilowe zokha. Mano anali atawagwedera akuluwo, kuthamangitsa nsomba sankathanso.

Nkhanu anabwerera kwawo. Ankadziwa zimene zimachitikira wolankhula. Kale Mlamba anaululapo kuba kwa akuluakulu, ndipo anamukhalira pamutu. Ndi uja mukumuona mutu uli phwatalala mpaka lero. Koma chichitikire za Mlambazo, woweruza milandu, a Mvuu, anaika lamulo limene ankalinyadira kwambiri. Lamulolo linkati: woulula choipa asakhudzidwe, iye ndi a m'nyumba mwake, ndipo womukhudza adzaponyedwa kumtunda, padzuwa. Kwa wokhala m'madzi, padzuwa ndi kumanda.

Nkhanu anayang'ana Tiferanji akudya, n'kunena chamumtima kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. M'mawa mwake anaima pabwalo, dziwe lonse litasonkhana.

"Bwana woweruza," anatero Nkhanu, "kuno kulibe mliri. Kuli katupe. Wosinja ndi a Katumbu, wodya ndi a kapitawo. Ndaona ndi maso angawa."

A Mvuu anayasamula, monga ankachitira akamaganiza.

"Mawu olemera amenewa, mayi. Tifufuza. Koma kuyambira pano lamulo langa lili pa inu. Mwamva nonse? Nkhanu asakhudzidwe!"

Ofufuza anapita kumwala kuja, koma anakapeza mwala wotsukidwa kuti mbee. Mlandu unangokhala choncho, osatha, osayenda.

A Ng'ona anaitanira Katumbu pambali, mchira ukumenya matope.

"Ndimutafune mkazi ameneyu!"

"Ndi mano ati, bwana?" anafunsa Katumbu. "Komanso mukufuna mukaume padzuwa? Lamulo tisalithyole. Tilisunge, ndipo tilisunge kuposa mwini wake amene analipanga."

"Ukutanthauza chiyani?"

"Akuti asakhudzidwe. Ndiye sakhudzidwa."

Katumbu anatola kamtengo n'kukalemba mzere m'matope kuzungulira nyumba ya Nkhanu. Kenako anayenda khomo ndi khomo, nkhope yachifundo.

"Abale anga, tiwateteze mayi athu olimba mtimawa. Lamulo silinanene kuti kukhudza kwa nkhonya kokha ayi. Kukhudza ndi kukhudza. Moni wa m'manja, kukhudza. Kuwasenzetsa katundu, kukhudza. Mwana wanu akasewera ndi mwana wawo n'kugundana, kukhudza komweko. Ine sindifuna kuona mnansi wanga akuuma padzuwa, ndiye ndati ndikuchenjezeni."

Mwaona nzeru za njiru? Sananame ngakhale liwu limodzi. Pofika madzulo Nkhanu akamadutsa, anzake ankapatuka ngati akudutsa wakhate. Amene ankadya naye mbale imodzi ankamupatsa moni ali patali, manja kumbuyo. Ndipo popeza aliyense anaona mmene woulula akukhalira, panalibenso wina wotsekula pakamwa. Patangopita masiku awiri thi! thi! thi! uja anayambiranso.

Tsiku lachitatu Tiferanji anayamba kudzandira.

Mayi ake anamukokera kuuna wa mkati kumene madzi oipa sanafike ambiri, ndiye sanafe pomwepo ngati abale ake. Koma m'mimba munali mutalowa kale. Matendawo mankhwala ake ankadziwika: sing'anga wa dziwelo, a Chule, ankafinya pamimba pa wodwala ndi manja awo ofewa mpaka wodwalayo asanze, akafikitsidwa msanga. Nkhanu sakanatha kuchita yekha. Zala zake n'zopanira, akanati afinye akanamudula mwanayo pakati.

Anathamangira kwa a Chule.

"Odi, a sing'anga! Mwana wanga wamwa madzi aja. Tiyeni msanga!"

A Chule anatuluka, kenako anabwerera m'mbuyo kawiri.

"Imani pomwepo, mayi a Tiferanji. Musayandikire."

"Ndi ine, mnzanu. Si inu munandichiza mwendo chaka chatha?"

"Ndine ndemwe. Koma mwanayo ndi wa m'nyumba mwanu. Ndikamugwira, mawa ndili padzuwa, ndipo khungu langali mukulidziwa, silichedwa kuuma. Nanenso ndili ndi ana."

"Ndiye afe?"

A Chule anangogwetsa nkhope, misozi mbwembwembwe, koma manja anawabisa kumbuyo.

Pobwerera Nkhanu anayamba kuimba. Nyimbo yake sindikuimbirani. Inali yaifupi, yoyenda pang'onopang'ono ngati ya amayi osinja atatopa. Ankatchula dzina la mwana wake kawiri, kenako ankafunsa dziwe lonse kuti dzanja limene limenya ndi dzanja limene lichiza, kodi ndi dzanja limodzi? Pamalo poti anthu avomere ankasiya mpata, koma panalibe wovomera.

Anakumana ndi Katumbu atakhala pa mzere uja, akupesa ndevu.

"Mayi athu, mwaswera bwanji? Alipo wakuvutitsani? Mungondiuza dzina."

Nkhanu analowa, anamuyang'ana mwana, anatulukanso. Ulendo uno anapita kwa mlongo wake, malume ake a Tiferanji, amene ankakhala pansi pa muzu tsidya lina la dziwe.

"Achimwene, mbumba yanu ikutha. Tinyamulizane mwanayu pamachira, tidutse naye kumtunda mpaka dziwe la kumunsi. Kumeneko lamuloli silifika, asing'anga akumeneko akamugwira. Ndekha sindingathe, njira ndi yaitali."

Mlongo wakeyo anayang'ana uku ndi uku.

"Mlongo wanga, bwanji sunandifunse usanakaime pabwalo? Nkhani za akuluakulu umazilowa bwanji iwe, mkazi wamasiye?"

"Ana anga anatha, achimwene. Munakumba nawo manda."

"Ndinakumba nawo, inde. Koma pamachira mwana akatsetsereka, ine n'kumuwakha? Ndiye kukhudza kumeneko. A Katumbu anafotokoza bwinobwino."

"Ndinu malume ake!"

"Ndine malume, koma nyumba yanga ndi ino, yako ndi iyo."

Amati chibale ndi fupa, sichiola. Asa! Chimenechi chinaola dzuwa likuswa mtengo. Bamboyo analowa pansi pa muzu wake cham'mbali, osayang'ananso m'mbuyo.

Nkhanu anaimbanso nyimbo ija, tsopano mawu atayamba kusasa. Amayi ena anaimva ali m'nyumba zawo, ndipo pa mpata wovomera uja milomo yawo inkagwedera, koma liwu silinatuluke.

Kachitatu anapita kwa mwini lamulo. Anawapeza a Mvuu ataviika thupi lonse, mphuno zokha zili pamwamba.

"Bwana woweruza, ndagwira mwendo wanu."

"Musagwire, musagwire! Nenani muli pomwepo."

"Lamulo lanu likundiphera mwana. Limasuleni tsiku limodzi lokha, a Chule amugwire."

A Mvuu anayasamula nthawi yaitali.

"Mayi, lamulo limeneli ndinalipangira inu amene. Ndikalimasula lero chifukwa cha Chule, mawa Ng'ona adzabwera kudzati nayenso akufuna kukusisitani. Ndidzamukaniza bwanji? Lamulo lokhala ndi chitseko si lamulo."

"Ndiye onjezani liwu limodzi. Nenani kuti asakhudzidwe moipa."

"Liwu lokoma limenelo. Tidzalikambirana pamsonkhano waukulu, mvula yoyamba ikagwa."

"Bwana, mwanayu safika mawa."

"Pepani kwambiri. Koma mudziwe kuti ndinu otetezedwa."

Otetezedwa! Mayo ine, pali mawu ena amapweteka kuposa ndodo. Nkhanu anabwerera akuimba, koma ulendo uno mawu sanatuluke n'komwe, kunkangomveka mpweya.

Katumbu anali pamalo pake pomwe paja. Tsopano sanaseke, analankhula chapansipansi ngati mbale weniweni.

"Mayi, mtima wanga ukuwawa. Njira ilipo imodzi. Lamuloli limakhala pa woulula choipa. Wabodza silimukhudza. Mukaime pabwalo, munene kuti munanama, simunaone katupe, chisoni cha ana ndicho chinakusokonezani mutu. Mukangotero lamulo lachoka, Chule wagwira mwana."

"Nanga ine?"

"Aaa, inu ndi a kapitawo mudzakambirana ngati anthu akuluakulu."

Nkhanu anadziwa kukambirana kwake. Anadziwanso kuti akabweza mawu, katupe adzathiridwa mpaka dziwe lonse litatha, ndipo Tiferanji akachira lero adzamwanso madzi omwewo mawa, ali wamasiye. Anamva mwana akubuula m'kati. Kenako ananong'oneza:

"Itanitsani bwalo, a Katumbu. Lero lomwe."

Katumbu anathamanga ngati wapsa mchira. Dzuwa lisanalowe dziwe lonse linali litasonkhana, a Mvuu pakati, a Ng'ona pambali pawo akumwetulira ndi mano awo ogwedera aja.

"Nkhanu ali ndi mawu," analengeza Katumbu. "Nenani, mayi, onse amve."

Nkhanu anatsekula pakamwa, kunangotuluka mpweya. Analoza pakhosi pake.

"Mawu awathera," anatero a Mvuu. "Mthenga, ntchito yako imeneyo. Tchera khutu, utiuze zimene akunena."

Katumbu anawerama.

"Ndinanena..." ananong'oneza Nkhanu.

"Kwezani pang'ono, mayi."

"Ndinanena kuti..."

Katumbu anaweramiratu, khutu lake lili pafupi ndi pakamwa pa mayiyo. Pomwepo chala chachikulu cha Nkhanu chinangoti khapa! pakhutupo.

"Mayoooo! Ndafa ine! Mchotseni! Mchotseni!"

Katumbu anakweza dzanja kuti amukanganule. Nkhanu, mawu atabwerako pang'ono ndi mkwiyo, anakuwa mosasa:

"Bwana woweruza, dzanja ilo! Akufuna kundikhudza!"

"Tsitsa dzanja, Katumbu," anatero a Mvuu. "Padzuwa pakukudikira."

"Koma ndi iyeyu wandigwira, bwana!"

"Lamulo likuti ine ndisakhudzidwe," anatero Nkhanu. "Silinanene kuti ine ndisakhudze. Kapena ndanama, bwana?"

A Mvuu analingalira, n'kugwedeza mutu.

"Simunaname. Liwu limenelo mulibemo."

Katumbu anafuna kudzigubuduza pansi, a Mvuu anati akamuphwanya mayiyo ndi kukhudza. Anafuna kupukusa mutu, anati kumugwedeza ndi kukhudza komweko. Anaitana a Ng'ona kuti amuthandize, a Ng'ona anayang'ana kumbali. Anaitana amene ankawachenjeza khomo ndi khomo aja, onse manja kumbuyo monga anawaphunzitsira yekha. Ha! Apa pokha ndiye ndimaseka m'nthano yonseyi.

Nkhanu anapanitsa. Magazi anayenderera m'ndevu zosalala zija.

"Munkasinja chiyani kuseri kwa mwala, a Katumbu?"

"Palibe! Mayooo! Mtedza!"

Anapanitsanso.

"Katupe! Katupe! Ndinkasinja katupe!"

"Anakutumani ndani?"

"A kapitawo! Mano awathera, amati nsomba ziziwalowa zokha m'kamwa! Wina ndamubisa pansi pa bango louma, kaoneni! Ndisiyeni, mayi, ndapota nanu!"

Anatumidwa awiri kukaona, ndipo anabwera ndi mtolo wa katupe. Apo ndi pamene Nkhanu anamasula chala.

Mukuganiza kuti a Ng'ona anaona zakuda? Mwaiwala dziko limene tikukhala. A Mvuu anati mkulu sachititsidwa manyazi pagulu, ndipo anawasamutsira kudziwe lina, lalikulupo kuposa loyambalo. Katumbu anamuponya kumtunda, koma kwa katumbu kumtunda n'kwawonso. Anangodzikung'untha n'kumapita, khutu lili lende. Komabe thi! thi! thi! uja anathera pomwepo, ndipo m'dziwemo simunafenso mwana ndi thovu pakamwa.

Kenako a Mvuu anaimirira, madzi akuyenderera pamsana.

"Tamva tonse. Nkhanu ananena zoona. Tsono kukayika kwatha. Lamulo langa likhala pa iye ndi a m'nyumba mwake mpaka tsiku la imfa yake. Asakhudzidwe!"

Amayi anaimba nthungululu, abambo anaomba m'manja. Nkhanu yekha ndiye anafunsa:

"Bwana, nanga mwana wanga?"

"Wotetezedwa nayenso, mayi. Ndi wa m'nyumba mwanu."

Apa ndi pamene anazindikira kuti wapambana mlandu n'kudzitsekera yekha khomo. Akananama, mwana akanagwiridwa. Wanena zoona, ndipo zoonazo zamangitsa mfundo. Anayang'ana a Chule, a Chule anayang'ana pansi.

Nkhanu anachoka pabwalo osatsanzika. Anthu ankati wapita kukalira. Posakhalitsa anamuona akubwera, akukoka Tiferanji pang'onopang'ono pa tsamba, mwanayo maso atatembenuka, miyendo ili lobodo. Anamuika pakati pa bwalo n'kubwerera m'mbuyo.

"Bwana woweruza, lamulo likuti a m'nyumba mwanga. Uyu si wa m'nyumba mwanga."

"Mukuti bwanji, mayi?"

"Si mwana wanga uyu. Sindimudziwa. Amene akumufuna amutole."

Bwalo linachita phokoso. A Mvuu anakweza mutu.

"Ganizani bwino. Mawu a pabwalo sabwezedwa. Mukamukana lero mwamukana mpaka kalekale. Adzakhala ngati wina aliyense, ndipo tsiku limene adzakukhudzeni, padzuwa."

"Ndamva."

Tiferanji anatsekula diso limodzi.

"Amayi..."

"Sindine mayi ako."

"Amayi, m'mimba..."

"Ndati sindine mayi ako! Ana anga ndinaika onse m'manda."

Abale, ine ndaona amayi akulira pamaliro, koma mayi wouma m'maso ngati ameneyu sindinamuone.

A Chule sanadikire kuti wina awauze. Analumpha kamodzi, n'kumunyamula mwanayo.

"Ndamutola ine! Ndi wanga uyu, mwamva nonse?"

Anamufinya pamimba ndi manja ofewa aja, anafinya, anafinyanso, mpaka Tiferanji anasanza madzi obiriwira. Anapuma. Analira. Ndipo polira ankatambasulira miyendo kwa Nkhanu, koma a Chule anamutembenuza n'kupita naye kwawo.

Mwanayo anachira, anakulira pakhomo pa a Chule, anakwatiwa, anabereka ake. Mvula yoyamba inagwa, msonkhano waukulu unalephereka chifukwa a Mvuu anali ndi chimfine. Chaka chinacho anati nkhani zachuluka, liwu lija lidikire. Chaka chinanso panalibe wolikumbukira. Nkhanu ankatamandidwa pamisonkhano, dzina lake linkatchulidwa ana akamaphunzitsidwa za kulimba mtima, koma panalibe amene anamugwirapo dzanja. Anakalamba yekha. Tiferanji akamadutsa ndi ana ake ankapereka moni ali patali monga aliyense, ndipo Nkhanu ankayankha monga amayankhira aliyense.

Tsiku lina la chilimwe, madzi ataphwera, Nkhanu anaterereka pamwala m'mphepete mwa dziwe n'kugwa chagada. Akanakhala wamphamvu akanadzitembenuza, koma miyendo inali itatha. Anapalasa m'mwamba, anapalasa, osatheka. Dzuwa linali pamutu. Odutsa anaima patali n'kumati, "Kalanga ine, mayi athu aja," manja kumbuyo.

Tiferanji anamva, anabwera akuthamanga. Kukankha kamodzi kokha kukanakwana. Anatambasula chala.

"Usandikhudze!"

"Amayi..."

"Amayi ako ndi a Chule. Bweza chala chakocho, maso onsewa sukuwaona? Ana ako atsala ndi ndani?"

"Kamodzi kokha, amayi. Ndingokutembenuzani."

"Ndinakutaya kuti ukhale ndi moyo. Usandibwezere m'manja zimene ndinagula ndi mtima wanga. Ima pomwepo, mwana wa Chule, ndizikuona."

Tiferanji anaima pomwepo, phazi limodzi kuchokera pamene panagona mayi ake, chala chili m'malere. Anayamba kuimba nyimbo ija, imene ankaimva ali kudwala m'una, ndipo pa mpata wovomera Nkhanu anavomera ndi mpweya wokha. Anaima choncho dzuwa lonse mpaka miyendo ya mayiyo inaleka kupalasa.

A Mvuu atamva anati lamulo linali la mpaka tsiku la imfa, tsono latha. Ndipo Tiferanji anawerama, anawatembenuza mayi ake, n'kuwagwira koyamba chichokere pabwalo paja.

Yathera pomwepa. Mbatata yanu mukaphule nokha, ine kudya kwandichoka.